Akuti pofooka mpamene tili amphamvu, nanga ine mphamvuyo sindikuiona bwanji?

Mayi_wa_ku_Santhe

Moni nonse okondedwa mwa Ambuye. Ndili ndi funso landisowetsa tulo ndipo kutchalitchi kwathu sindingalifunse poti kumeneko amandidziwa, nde ndati bola ndifunsire kuno komwe simukundiona nkhope.

Bambo akunyumba anadwala sitiroko chaka chatha fodya ali m'chigafa. Mbali yonse yakumanja inafa, mkono ndi mwendo womwe, kulankhula nakonso kunapita moti panopa amangotha eya, ayi ndi dzina la mwana wathu wachitsiriza basi. Anali munthu wa mphamvu zake, wolima yekha, wopalasa njinga mpaka ku Chinkhoma kukaonerera mabelo ake, kumpingo anali dikoni. Lero wowasambitsa ndine, wowadyetsa ndine, usiku wowatembenuza ndine ndemwe, ana akufuna fizi, ndipo fodya uja atagulidwa ngongole ya fetereza inadya zonse tinangotsala ndi mapepala m'manja.

Tsono vuto lina ndi ili, ine ndine mmodzi wa atsogoleri a Chigwirizano kwathu kuno ndipo amayi amandinena kuti ndine wolimba mtima, amati taonani anzathuwa mavuto onsewa koma sajomba. Ndikavala yunifomu ndimamwetulira, nyimbo ndimayambitsa ndine, maliro akachitika ndimapezeka kusiwa kutonthoza anzanga. Koma zoona zake abale anga ine ndatha. Kupemphera kukundikanika, ndikagwada mawu sabwera ndimangomva kutopa mwinanso kugona pomwepo, Baibulo ndikatsegula maso amangoyenda pamwamba palibe cholowa, mtima ukumandipsa ndi tinthu tating'ono.

Sabata yapitayi abusa analalikira pa 2 Akorinto 12, paja pamene Ambuye akumuuza Paulo kuti chisomo changa chikukwanira, ndipo Paulo akuti pamene ndafooka mpamene ndili wamphamvu. Tchalitchi chonse chinavomera amen, ine ndinangokhala duu. Kufooka ndiye ndili nako kochuluka, nanga mphamvuyo ili kuti? Imabwera bwanji, munthu amaimva m'thupi kapena mumtima kapena bwanji? Kapena ndi mawu ongotipepesa nawo ife ovutika kuti tisamadandaule? Kapena ineyo ndi amene chikhulupiriro chandithera nde Mulungu wandisiya? Ena akuti ndiwatengere bambowa kwa mneneri wina ku Lilongwe koma thiransipoti yokha ya munthu wosayenda ndi ndalama zambiri, kuphatikizanso akuti kumakhala kufesa mbewu kaye.

Chonde ondiyankha musandiuze kuti limbani mtima, mawu amenewo ndawamva mokwana. Ndikufuna kumvetsa basi.

Moto_wa_Yesu_KU

Amayi pepani kwambiri, Ambuye akukhudzeni. Koma ine ndinene mmene ndimakhulupirira, matendawa musawavomereze ayi. Yesaya 53 akuti ndi mikwingwirima yake ife tinachiritsidwa, ndipo Yesu yemwe anauza munthu wakufa ziwalo kuti nyamula mphasa yako uzipita sanasinthe, ali yemweyo lero. Mayi uja wa nthenda yotaya magazi anavutika zaka 12, ndalama zonse zinathera kwa asing'anga koma sanakhale pansi nkumati basi chisomo chandikwanira, anadzipanikiza pakati pa anthu mpaka anagwira chovala. Mayi wamasiye wa pa Luka 18 naye anamutopetsa woweruza uja mpaka anamuthandiza.

Ine vesi ya munga m'thupi la Paulo ija, ya pa 2 Akorinto 12 pomwepo, imandidandaulitsa mmene anthu amaigwiritsira ntchito, aliyense akadwala akuti ndi munga wanga, umphawi akuti munga wanga, mapeto ake mpingo wonse wangokhala chete satana nkumavina. Kufooka mukukumvako ndi nkhondo yauzimu amayi, mdani akudziwa kuti mukagwa inu nyumba yonse yagwa. Salani kudya olo masiku atatu, pezani anthu amoto muchite ovanaiti panyumba panupo. Za kufesa mbewu kwa mneneri zokhazo ayi, sindigwirizana nazo, machiritso sagulitsa, Simoni wamatsenga anadzudzulidwa ndi Petro pa nkhani yomweyo ya ndalama. Koma kupemphera kokha musasiye mpaka chichitike.

Mkulu_wa_mpingo_Chamama

Mayi, zikomo chifukwa cholankhula zoona. Funso lanulo si la munthu amene chikhulupiriro chamuthera, amene chamuthera safunsanso kuti Mulungu ali kuti, amangochoka.

Mwana wanga wa Moto, changu chako ndachiona ndipo pa nkhani ya ndalama wanena bwino. Kupempherera machiritso nakonso sindikutsutsa, ifenso timapempherera odwala ndipo sitidzasiya. Koma mayiwa sakugona, sakudya bwino, akunyamula munthu wamkulu tsiku ndi tsiku, nde iwe ukuti asalenso kudya masiku atatu? Akagwa ndi chizungulire bambowo awatembenuza ndani? Ndipo ukamati musasiye mpaka chichitike, tsiku limene sichichitika mlandu umagwera wodwala ndi womusamalira kuti sanakhulupirire mokwana, katundu amene Baibulo silinawasenzetse.

Tiyeni tiione bwino nkhani ya Pauloyi poti ambiri timangotola vesi 9 ndi 10 osaona kumene zachokera. Ku Korinto kunabwera alaliki ena odzitama, odziwa kulankhula, ndipo ankamunyoza Paulo kuti makalata ake ndi aukali koma mwini wake ukamuona ndi wofooka, kulankhula kwakenso kopanda pake, zili pa mutu 10 vesi 10. Nde Paulo poyankha mmalo mowerenga zozizwitsa zimene anachita akuwerenga mabala ake, kukwapulidwa kasanu zikoti 39, kumenyedwa ndi ndodo katatu, kuponyedwa miyala, chombo kumuswekera katatu, njala, ludzu, kusowa tulo, mpaka kuthawa mu Damasiko atamutsitsa mu dengu pa linga ngati katundu. Kenako mpamene akunena za munga m'thupi. Sanatiuze kuti mungawo unali chani, ena amati anali maso poona Agalatiya 4 pamene akuti mukanatha mukanakolowola maso anu nkundipatsa, ena amati anali adani ake, koma chimene tikudziwa nchakuti anapempha katatu kuti uchoke ndipo sunachoke. Uyu ndi Paulo yemwe anaukitsa Utiko atagwa pa zenera ku Trowa, sitinganene kuti analibe chikhulupiriro. Yemweyonso anamusiya Trofimo akudwala ku Mileto, Timoteo anali ndi vuto la m'mimba losatha, Epafrodito anadwala mpaka pang'ono kufa. Ndipo Ambuye wathu mwini ku Getsemane anapempha katatu kuti chikho chimupitirire, chikho sichinachoke, Luka akuti kunabwera mngelo kudzamulimbikitsa, ndipo taonani vesi yotsatirayo, atalimbikitsidwa kale mpamene thukuta lake likukhala ngati madontho a magazi. Ndiye kuti munthu atha kukhala kuti walimbikitsidwa ndi kumwamba koma ululu akuumvabe wonse.

Apa mpamene pali yankho la funso lanu mayi mmene ine ndikuonera. Inu mukudikira kuti mphamvuyo muimve, mudzuke tsiku lina mtima uli myaa thupi lili see. Nthawi zina Mulungu amapereka zimenezo, koma Paulo sananene kuti ndinasiya kumva kufooka. Pa mutu 1 wa kalata yomweyi akuti ku Asiya tinalemedwa koposa mphamvu zathu mpaka tinataya chiyembekezo choti tikhala ndi moyo. Pa mutu 7 akuti titafika ku Makedoniya thupi lathu silinapume, kunja ndewu mkati mantha. Mtumwi wathunthu akuvomera kuti anali ndi mantha. Ndipo mukudziwa mmene Mulungu anamutonthozera pamenepo? Sanaone masomphenya ayi, akuti Mulungu amene amatonthoza opsinjika anatitonthoza ndi kufika kwa Tito. Munthu anangofika basi, ndi mapazi ake afumbi, ndipo Paulo akuti ameneyo ndi Mulungu.

Chimodzimodzi Mose pa Eksodo 17, manja atalema sanalandire mphamvu yachilendo m'mapewa, anamukhazika pa mwala, Aroni mbali iyi Huri mbali iyo nkumugwirira manja mpaka dzuwa kulowa, ndipo nkhondo inapambanidwa choncho. Pa Numeri 11 Mose yemweyo akuuza Mulungu kuti anthu awa sindingathe kuwasenza ndekha andilemera, ngati zili choncho ingondiphani. Mulungu sanamukalipire, anamuuza kuti asonkhanitse akulu 70 asenze naye.

Nde ine ndikufunseni mayi mwaulemu, kodi Tito wanu angafike bwanji pamene mpingo wonse ukudziwa kuti inu ndinu olimba simusowa kanthu? Amayi a Chigwirizano amatunga madzi ndi kusinja kwa odwala ena, kwanu sabwera poti mumawamwetulira. Paulo kufooka kwake anakulemba m'kalata yokawerengedwa pamaso pa mpingo wonse, adani ake ali pomwepo.

Za pemphero musadziweruze. Aroma 8 vesi 26 akuti Mzimu amatithandiza m'kufooka kwathu poti sitidziwa mmene tingapempherere, ndipo amatipempherera ndi zobuula zosatheka kuneneka. Vesi imeneyi inalembedwera anthu amene mawu awathera ngati inuyo. Mukagwada nkugona pomwepo mwagona pamaso pa Atate wanu, palibe mlandu. Muwerengenso Salimo 88 tsiku lina, kuyambira poyamba mpaka pomaliza mulibemo aleluya, ndi kudandaula kokhakokha, koma Mulungu analola kuti likhale m'buku lake.

Namwino_Mchinji

Amayi ine ndine namwino kuno ku Mchinji, za maphunziro a Baibulo ndisiyira akuluakuluwa koma ndimaona amayi ngati inu sabata iliyonse, amabwera ndi wodwala koma ukawayang'ana bwino odwala ndi awiri. Zimene mwafotokozazo, kusowa tulo, kupsa mtima msanga, kuwerenga osalowa, kusamva kukoma pa zinthu zimene munkazikonda, ndi zimene zimachitika munthu akasamalira wodwala nthawi yaitali popanda womulandira. Si uchimo, ndi thupi ndi maganizo zatopa. Inunso mukayezetse BP yanu, ndipo ngati maganizo oti bola kufa amakubwererani chonde musabise, uzani wachipatala kapena munthu amene mumamukhulupirira tsiku lomwelo.

Ine nkhani imene imandigwira ndi ya Eliya pa 1 Mafumu 19. Munthu wangochoka kumene pa phiri la Karimeli pomwe moto unatsika kumwamba pamaso pa aneneri a Baala 450, koma Yezebeli atangomuopseza anathawira kuchipululu nkukagona pansi pa kamtengo nkumati kwakwana Yehova chotsani moyo wanga. Mngelo atabwera sanamulalikire, sanamuuzenso kuti asale kudya, anamudzutsa nkuti dzuka udye, pali mkate ndi madzi, anadya nkugonanso, anamudzutsanso kachiwiri kuti adye poti ulendo ndi wautali. Zolankhula zinabwera pambuyo ku Horebu, ndipo kumeneko anamupatsanso Elisa woti azimuthandiza. Nde achimwene a Moto pepani, kusala kudya kuli ndi nthawi yake koma amayiwa panopa ali pansi pa kamtengo kaja, akufunika nsima ndi tulo.

Pa bambowo ndinene zingapo poti mwina kuchipatala anakuuzani mothamanga. Mankhwala a BP asadumphitse olo tsiku limodzi, olo akuoneka bwino, olo wina awapempherere nkunena kuti achira atayeni, sitiroko yachiwiri imabwera pamenepo ndipo imakhala yoopsa. Mchere muchepetse mu ndiwo. Powadyetsa akhale tsonga osati chogona, pang'onopang'ono, akamatsamwa kapena kukhosomola pomeza mukanene kuchipatala chifukwa chakudya chikalowera kumapapo chimayambitsa chibayo. Kutembenuza kuja kumafunika pafupifupi maola awiri aliwonse kuti asachite zilonda m'chiuno ndi m'zidendene, nde mwaona nokha kuti ntchito imeneyi munthu mmodzi sangaithe usana ndi usiku, pamafunika kulandirana. Powadzutsa musamakoke mkono wakufawo phewa limaguluka, muziwagwira m'thupi. Mufunsenso za mafizo kuchipatala chachikulu cha boma lanu akuphunzitseni zowongola mkono ndi mwendo kuti muzichita kunyumba, ana akuluakulu aphunzire nawo.

China, anthu ambiri amene sitiroko yawagwira kumanja nkuwatsekera mawu amamva zambiri zimene zikulankhulidwa, nde alendo asamalankhule za iwo ngati palibepo. Ndipo ena mwa iwo amatha kuyimba nyimbo imene ankaidziwa kale olo kulankhula kukuwakanika, poti kuyimba ndi kulankhula sizidalira malo amodzi okhaokha mu ubongo. Sindikulonjeza kuti zitheka koma yesani nyimbo za m'buku zimene ankazikonda muone.

Mayi_wa_ku_Santhe

Zikomo nonse, ndawerenga mobwereza. Achimwene a Moto sindinakhumudwe nanu, machiritso ndimawafunabe tsiku lililonse ndipo sindinasiye kuwapempha olo ndi mawu awiri. Anamwino zikomo, za mkonozo sindimadziwa.

Abambo a ku Chamama nkhani ya Tito yandilasa. Koma ndinene chimene chimandimanga. Kwathu kuno ukangoulula kuti zakuvuta mawa nkhani ili pa mjigo, ena ayamba kale kunong'ona kuti matendawa ndi zakumunda, akuti bambowa fodya wawo ankachita bwino kwambiri nde pali chimene anaponda. Achibale akuchimuna nawo amabwera kudzangoona nkumapita, wina anachita kundiuza kuti mutu ukakula sulewa nkhonya. Ndiye ndikaima pamaso pa amayi nkunena kuti ine mtsogoleri wanu kupemphera kwandikanika, mawa ndidzawalangiza bwanji? Atsikana amene ndimawaphunzitsa za banja adzandionanso ngati ndani? Ndimaopanso kuti ndichititsa manyazi dzina la Ambuye, anthu akunja aziti si awo amati Mulungu wawo ndi wamphamvu.

Wa_mphakati_ku_Kapiri

Amayi ine ndine mkatolika, ndalowerera nkhani ya a CCAP koma Yesu ndi mmodzi. Mantha anuwo ndi omveka, pa mjigo pamayendadi nkhani, ndipo sindikuuzani kuti mukaime kutsogolo kwa tchalitchi nkukhuthula zonse ayi. Yesu ku Getsemane sanauze khamu lonse, ophunzira enawo anawasiya poteropo nkutenga atatu okha, Petro, Yakobo ndi Yohane, nkuwauza kuti moyo wanga uli ndi chisoni chofa nacho khalani pano muchezere nane. Mwana wa Mulungu kupempha anthu kuti musandisiye ndekha usiku uno. Anagona inde, anthu amakhumudwitsa, koma iye anapemphabe. Inunso sankhani awiri kapena atatu amene mukudziwa kuti pakamwa pawo mpotseka, mumpingo simulephera kukhala amayi otero, ndipo muwapemphe chinthu chooneka, wina adzagone kuno Lachiwiri kuti ine ndigone tulo, wina atunge madzi, wina akhale ndi bambowa ine ndipite kumunda. Anthu ambiri amafuna kuthandiza koma sadziwa polowera, paja amati wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko.

Ife pa Njira ya Mtanda nyengo ya Lenti timaima malo 14, ndipo pa malo atatu timakumbukira Yesu akugwa ndi mtanda, penanso timakumbukira Simoni wa ku Kirene akumusenzera. Chaka ndi chaka timagwada pamenepo kupembedza Mulungu amene anafuna womuthandiza kunyamula. Nde manyazi amene mukuopa kumuchititsawo iye anawasenza kale poyera masana dzuwa likuswa mtengo.

Za dzina la Ambuye kuti linyozeka, taonani mmene mpingo unafikira m'dziko muno. Ansembe oyamba a White Fathers anafika kwa Mponda ku Mangochi mu 1889, anavutika ndi malungo ndi nkhondo za m'deralo, pofika 1891 ananyamuka osasiya mpingo. Aliyense woona akanati zakanika. Anabweranso mu 1902 ku Mua ndipo mu 1903 anatsegula Kachebere konkuno ku Mchinji, komwe pambuyo pake kunakhala seminale yophunzitsa ansembe. Amishoni a Livingstonia nawo anakhala ku Cape Maclear kuyambira 1875, anaika anzawo m'manda kumeneko, ndipo posamukira ku Bandawe mu 1881 wobatizidwa anali mmodzi yekha, Albert Namalambe. Lero Lamulungu m'mawa kuyambira Mkanda mpaka Nkhamenya mabelu ali ngwee ngwee mbali zonse. Amene anagona m'manda aja sanazione zimenezi, anafa akuona ngati alephera.

Ndipo atsikana mukuwaopawo, ine ndikuona kuti tsiku limene banja lidzawavute adzathamangira kwa mayi amene anamuonapo akulira, kwa mayi amene sanagwepo amachita manyazi kupitako.

Mphunzitsi_wosaona

Ndalowa mochedwa, foni yanga imachita kundiwerengera nde ndimatenga nthawi. Ine ndinasiya kuona ndili mwana, ndinaphunzira ku Chilanga konkuno ku Kasungu, panopa ndimaphunzitsa ndipo ndili ndi banja. Zambiri anena kale anzangawa, ine ndikufuna ndilankhuleko za bambowo poti tonse tikukamba za amayi, iwo sangathe kulemba pano.

Moyo wanga wonse anthu akhala akundigwira pamutu kundipempherera osandipempha, m'basi, pamsika, pamaliro pomwe. Ena amati makolo anga anachita zakukhwima, monga mmene akunenera za fodya wa bambowo. Yesu anayankha kale zimenezi pa Yohane 9, ophunzira ataona munthu wobadwa wosaona nkufunsa kuti anachimwa ndani, iyeyu kapena makolo ake, iye anati sanachimwe uyu kapena makolo ake. Nde za pa mjigozo zisakudyeni mtima amayi. Uja anachiritsidwa, ine sindinachiritsidwe, ndipo ndinasiya kalekale kuganiza kuti Mulungu adzayamba kundigwiritsa ntchito tsiku limene ndidzaone. Baibulo langa la Braille ndimawerenga ndi zala, Sande sukulu ndimaphunzitsa, ana anga ndimalera. Yakobo anachoka pa Penieli atadalitsidwa koma akutsimphina, ndipo dzina loti Israeli analandira usiku womwe ntchafu yake inagulukawo.

Chimene chimapweteka kwambiri si kulumalako ayi, ndi pamene anthu ayamba kukuona ngati ntchito yoti igwiridwe kapena chitsanzo cha mu ulaliki. Bambowo anali dikoni, ankayendera odwala, ankasunga chuma cha mpingo, lero anthu amangowadutsa nkumafunsa inu kuti agona bwanji iwo ali pomwepo. Vesi ya Paulo ija ndi yawonso. Muziwafunsa maganizo pa za pakhomo poti eya ndi ayi amatha, tigulitse mbuzi kapena ayi, chaka chino tilime soya kapena fodya, mwana uyu apite sukulu iti. Dzanja lamanzere likugwira, atha kusankha mtedza, kukonola chimanga, kugwira mutu wa mwana pomupempherera akamapita kukalemba mayeso. Pa pemphero la madzulo muziwauza kuti bambo tsekerani, olo atangoti eya ameneyo ndi amen wawo. Mukatero inunso mupepukidwako pang'ono chifukwa mukhala muli ndi mwamuna m'nyumba osati wodwala yekha.

Ngati pali njira yopezera njinga ya anthu aulumali funsani ku ofesi yoona za chisamaliro cha anthu paboma kapena kuchipatala, kuti azifika nawo kutchalitchi akakhale pakati pa madikoni anzawo pomwe ankakhala kale.

Moto_wa_Yesu_KU

Ndamva akuluakulu, za kusala kudya amayiwa asiye tisala ndife achinyamata mmalo mwawo. Koma chimodzi chokha ndikanabe, tisafike poti tazolowera matenda mpaka kuiwala kupempha kuti bambowa adzuke. Paulo anasiya kupempha chifukwa Ambuye anamuyankha yekha ndi pakamwa pake, ife sitinamve kuti pa bambo awa Ambuye anena kuti ayi. Ine ndipemphabe.

Mkulu_wa_mpingo_Chamama

Pempha mwana wanga, nanenso ndipempha nawe, bola tisawauze mayiwa tsiku kapena kuwawerengera mlandu zikachedwa. Ndipo popeza uli ndi mphamvu zosala kudya, uli nazonso zopalira, kumene uliko fufuza nyumba imene ili ndi wodwala wotere mupiteko ndi anzako ndi makasu. Pa Marko 2 munthu wakufa ziwalo uja sanapite yekha kwa Yesu, anamunyamula anthu anayi mpaka kusasula denga la eni ake, ndipo Marko akuti Yesu anaona chikhulupiriro chawo, cha onyamulawo.

Mayi, pa funso lanu loti mudzawalangiza bwanji amayi, udindo mutha kupempha kuti wina akugwirireni kwa miyezi ingapo, zimenezi zimaloledwa ndipo si kugwa mumpingo. Musachite kunena zambiri, kungoti ndikusamalira matenda ndipumeko kaye. Komanso Yakobo 5 vesi 14 akuti wina akadwala aitane akulu a mpingo, kuitanako ndi kwa inu, kubwerako ndi udindo wathu ndipo tikalephera mlandu ndi wathu. Pitani kwa mkulu wa dera lanu mumuuze kuti mukufuna mapemphero a mlaga adzachitikire kwanu, ndipo mupemphe abusa kuti nthawi ya Mgonero akadzatha kutchalitchi adzafike kunyumba adzawadyetse bambowo, ndi mkhristu wa pa gome ndipo kudwala sikunawachotse. Mukamapita kwa abusako mutenge mmodzi mwa amayi awiri aja amene a ku Kapiri anena, kuti mawu akakakuthawani iye akapitirize, ndipo za fizi ya ana mukanene pomwepo musakazisiye panjira.